Mawaya a thalakitala yakale akatha: kuzigamba, kugula hanesi kapena kuluka nokha?

Tsiku lina m'mawa ndinatembenuza kiyi wa thalakitala, ndipo injini isanalire n'komwe utsi unayamba kufuka pansi pa dashibodi. Fungo la pulasitiki wopsa simungalisokoneze ndi lina. Mwayi wake sipanala inali m'thumba, ndiye ndinamasula waya wa pa batire moto usanafike pa dizilo amene ankadontha pansi pa thanki. Titatsegula tinapeza kuti waya mmodzi, amene ankadutsa pa chibowo cha chitsulo chopanda labala, anakhala akukhuzika kwa zaka mpaka mkuwa unakhudza chitsulo. Panjira yake panalibe fyuzi yoti ipse, choncho wayayo ndi amene anapsa, n'kusungunulanso anzake anayi amene anamangidwa naye limodzi.

Mtolo wa mawaya umenewu amakaniko amautcha hanesi. Pa thalakitala yakale ya dizilo si waukulu ayi. Injini yake ikangolira sifunanso magetsi kuti ipitirize, paja pozimitsa timachita kukoka kachitsulo kotseka mafuta. Mawaya ntchito yawo ndi kuliza sitata, kutchaja batire, kutenthetsa injini m'mawa wozizira, kuyatsa nyali ndi hutala, ndi kuyendetsa mageji awiri kapena atatu. N'chifukwa chake eni ake ambiri amaunyalanyaza mpaka tsiku la utsi. Chonsecho umakhala pamalo ovuta kuposa wa galimoto: dzuwa, mvula, fumbi, kunjenjemera kwa injini, dizilo amene amafewetsa khungu la waya, ndiponso makoswe amene amakonda kumanga chisa kuseri kwa dashibodi thalakitala ikakhala miyezi osagwira ntchito.

Musanagule chilichonse, yesani mawaya muli nawowo. Chotsani batire, gwirani waya pafupi ndi injini pamene pamatentha, mumupinde ndi zala. Khungu lake likapindika n'kubwerera, akadali ndi moyo. Likachita ming'alu kapena kuyoyoka, watha, ndipo anzake a msinkhu umodzi ali m'njira yomweyo. Kenako dulani kansonga n'kusenda. Mkuwa wabwino umawala. Mukapeza wakuda kapena wa ufa wobiriwira, sendaninso chakutsogolo, chifukwa chinyezi chimayenda m'kati mwa khungu, ndipo nthawi zina mumapeza kuti kudako kwalowa mkono wathunthu. Chitani zimenezi malo atatu kapena anayi. Zimene mupeze n'zimene zikuuzeni njira yoti mutsate.

Funso loyamba si la mawaya

Anthu ambiri amataya ndalama chifukwa chogula hanesi asanaganize za chotchajira batire. Thalakitala zambiri zakale zinatuluka ndi dayinamo ndi kabokosi kake kowongolera kutchaja, kotchedwa regulator. Dayinamo ya Lucas C40, imene ili pa mathalakitala ambiri opangidwa ku Britain, imapereka ma amp 22 ikalimbikira, ndipo injini ikamalira pang'onopang'ono siitchaja kwenikweni. Alternator imapereka kawiri kapena kuposa pamenepo (Delco 10SI ina imafika ma amp 63), imatchaja ngakhale injini ikungoguguda, ndipo regulator yake ili m'kati. Hanesi ya dayinamo ndi ya alternator n'zosiyana: mawaya opita ku kabokosi kaja safunikanso, pomwe waya wonyamula moto kupita ku batire ayenera kunenepa. Ngati mukuganiza zodzaika alternator chaka chamawa, ikani lero, kuti musamasule ntchito yanu yomwe.

Koma kusinthaku kuli ndi zotsatira zake. Mathalakitala ambiri a m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, monga Ford 8N ndi Ferguson TE20, analumikiza mutu wa + wa batire ku chitsulo cha thalakitala, pomwe alternator wamba imafuna mutu wa − ndiwo ukhale earth, kutanthauza wolumikizidwa ku chitsulocho. Mukalumikiza mopotoza, ma diode ake amapsa nthawi yomweyo. Ford 8N ndi TE20 zoyambirira zinalinso za 6V. Pa mphamvu yofanana, 6V imakoka ma amp owirikiza kawiri poyerekeza ndi 12V, ndiye mawaya ake amakhala onenepa. Hanesi ya 6V ikhoza kunyamula 12V popanda vuto, koma ya 12V mukaiika pa 6V nyali zimachita chizimezime ndipo mawaya amatentha. Pa Ford 2000, 3000, 4000 ndi 5000, zimene zinayamba mu 1965, pali kamsampha kena: geji yowerenga liwiro la injini ndi maola imazunguliridwa ndi kachingwe kochokera kumbuyo kwa dayinamo. Mukaichotsa osaganizira zimenezi, gejiyo imangoti zii.

Ine thalakitala ikakhala yogwira ntchito tsiku ndi tsiku, makamaka yolima usiku ndi nyali, ndimasankha alternator ndi 12V. Ikakhala yosungira mbiri, yofuna kuoneka monga inatulukira ku fakitale, dayinamo ikhale. Mukatsimikiza pamenepa, mungayambe kuyerekeza njira.

Kuzigamba

Njira iyi ili ndi mbiri yoipa chifukwa cha mmene anthu amaichitira, osati chifukwa choti payokha ndi yolakwika. Ngati mawaya apambana mayeso opinda aja, ndipo vuto lili pamalo amodzi odziwika, monga pamene khoswe anatafuna kapena pamene waya anagona pa ekizozi, palibe chifukwa chogwetsera zonse. Dulani mpaka pamene mkuwa ukuwala, lowetsani chidutswa cha waya wonenepa chimodzimodzi, wa mtundu womwewo ngati ulipo, manani (kutanthauza kufinya) ndi cholumikizira chabwino, n'kuvindikira ndi kachubu kofota ndi moto. Ntchito ya ola limodzi.

Chimene sichithandiza ndi kupota mawaya awiri ndi zala n'kukulunga tepi. Tepi ikakumana ndi dizilo ndi kutentha imasanduka phala, imamasuka, ndipo chigambacho chimayamba kutentha chokha. Ndinamasulapo hanesi ina imene waya wake wochokera pa kiyi kupita ku sitata anali ndi zigamba zisanu ndi chimodzi pa mtunda wosakwana mita, mitundu inayi yosiyana, chimodzi mwa izo chili chingwe cha wailesi. Aliyense amene anazigambapo ankati wakonza. Ndipo ngati waya anachita shoti m'kati mwa mtolo, monga zinandichitikira ine, musakhulupirire anzake oyandikana naye musanamasule chokulunga chonse n'kuwaona mmodzimmodzi. Kusungunuka kumabisala pakati pa mtolo, kunja kukuoneka bwinobwino.

Hanesi yatsopano yolukidwa kale

Kwa mathalakitala amene anapangidwa ambiri, monga Massey Ferguson 35, 135 ndi 165, Fordson Major ndi Dexta, Ford zija ndatchula, kapena Farmall H ndi M, mahanesi atsopano akupangidwabe. Ubwino wake ndi woonekeratu. Kutalika kwa waya aliyense n'koyezedwa kale, nsonga zili ndi zolumikizira zake, nthambi zikutulukira pamalo oyenera, ndipo mitundu imagwirizana ndi chithunzi cha m'buku la thalakitalayo, kotero makaniko wina akadzafufuza vuto patapita zaka sadzavutika. Munthu wodekha amamaliza tsiku limodzi.

Vuto lake ndi lakuti dzina la thalakitala palokha silikwanira. Massey Ferguson 135 inapangidwa kwa zaka zoposa khumi kuyambira 1964, ina ya dizilo ina ya petulo, yoyambirira ya dayinamo yomalizira ya alternator, ndipo yopangidwa ku Coventry si yofanana zamagetsi ndi yopangidwa ku America. Ford 8N inasintha mu 1950, distributor, yogawira moto ku mapulagi a injini, inachoka kutsogolo kwa injiniyo n'kupita pambali, ndipo hanesi inasintha nayo. John Deere 4020 ya dizilo inayamba ndi 24V n'kudzamaliza ndi 12V. Choncho pitani ndi nambala ya thalakitala yolembedwa pa kachitsulo kake, komanso muone ndi maso zimene zilipodi, chifukwa pa zaka makumi asanu mwina injini kapena dashibodi inachokera ku thalakitala ina.

Funsaninso zimene zili m'paketimo. Kawirikawiri imene amaitcha hanesi yaikulu imakhala ya kiyi, sitata, chotchajira ndi mageji basi. Ya nyali imagulitsidwa payokha, ndipo mawaya onenepa a batire sakhalamo. Ena amaikamo chithunzi, ena amangokupatsani mtolo wopanda kapepala. Ubwino wa mahanesi amenewa umasiyananso kwambiri. Ikafika, kokani cholumikizira chilichonse ndi dzanja musanaiike. Chikavuka m'manja mwanu, chikanadzavuka m'munda. Yang'anani kunenepa kwa mkuwa weniweniwo, osati khungu, chifukwa pali mawaya ooneka onenepa kunja pomwe m'kati muli timkuwa towerengeka.

Chomaliza, hanesi yotere imatengera mmene fakitale inachitira, ndi zofooka zake zomwe. Ngati thalakitala inatuluka ndi fyuzi imodzi ya nyali yokha, yatsopanoyo idzakhalanso choncho. Mufunika kuwonjezera nokha.

Yochotsa pa thalakitala ina

Apa sinditaya nthawi. Hanesi ya pa thalakitala yophwasulidwa ndi ya zaka zofanana ndi yanuyo, inapsa ndi dzuwa lomwelo, ndipo poichotsa amaikoka n'kuipinda, khungu louma lija n'kusweka m'malo amene simungaone. Mukuchotsa nkhalamba n'kuikapo nkhalamba inzake. Phindu lake lili pawiri pokha: kuchotsapo mapulagi achilendo amene sakupezekanso, ndi kuigwiritsa ntchito ngati chitsanzo poluka yatsopano ngati yanu inapseratu.

Hanesi ya galimoto iliyonse

Pali mahanesi ogulitsidwa kuti alowe pa galimoto yakale ya mtundu uliwonse, okhala ndi bokosi la mafyuzi ndi mawaya ataliatali olembedwa ntchito yake pakhungu. Bokosi la mafyuzilo ndi lokopa. Koma anapangidwira galimoto, ndiye mumalipira mawaya a wailesi, mawaipa ndi nyali za m'kati amene mudzangowapinda n'kubisa, pomwe waya wa chotenthetsera injini ndi wa switchi yoletsa kuliza injini ili m'giya mulibemo. Mabokosi ambiri otere anapangidwira kukhala m'kati mouma, osati pa thalakitala yopanda denga. Nsonga zonse mumana nokha, kutanthauza kuti theka la ntchito yoluka mwaigwira kale. Ine ndimaona kuti amayenera thalakitala ya kabini yokhala ndi zamagetsi zambiri. Pa yaing'ono ya mawaya khumi ndi asanu, n'kupha nyerere ndi nkhwangwa.

Kuluka nokha

Iyi ndi njira ya thalakitala imene hanesi yake sikupezeka, kapena imene yasinthidwa kwambiri moti yogula mungaidule paliponse. Imawopsa poyamba, koma mawaya a thalakitala yakale ya dizilo amakwana pa pepala limodzi. Imadya nthawi, masiku awiri kapena atatu kwa woyamba kumene, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha.

Musadule hanesi yakale poichotsa. Jambulani zithunzi paliponse pamene waya walumikizidwa, mangani kapepala pa nsonga iliyonse, muichotse yathunthu. Igonekeni pa thabwa lalikulu, khomani misomali pamene nthambi zikupatukira, lembani pathabwapo kumene nthambi iliyonse ikupita. Kenako yalani mawaya atsopano potsata misomaliyo, mmodzimmodzi, mukusiya chotsalira pang'ono kunsonga. Musakulunge musanakayese pa thalakitala, chifukwa waya wofupika ndi chala chimodzi amakukakamizani kuyambiranso.

Waya akhale wa galimoto, wa timkuwa tambirimbiri. Wa m'nyumba wa mkuwa umodzi wolimba amathyoka ndi kunjenjemera. Chenjerani ndi wotchipa wa aluminiyamu wopakidwa mkuwa pamwamba: mukapala ndi mpeni amaonetsa kuyera m'kati, amapepuka m'manja, ndipo chinyezi chimamudya msanga. Pa kunenepa, waya wa masiku ano wa khungu lopyapyala wa 1 mm² amalembedwa kuti amanyamula ma amp 16.5, wa 2 mm² 25, wa 3 mm² 33, wa 6 mm² 50. Wa khungu la PVC wakale amanyamula ochepera: 1 mm² ndi ma amp 8.75 okha. Koma musangoyang'ana nambala imeneyi. Tengani nyali ziwiri za 55W pa 12V, zimene zimakoka pafupifupi ma amp 9. Waya wa 1 mm² ali ndi ma ohm pafupifupi 0.018 pa mita. Pa mamita 4 mumataya 0.65V panjira, ndipo nyali zimaoneka zofooka ngakhale wayayo sakutentha. Mukaika wa 2 mm² kutayako kumatsika ndi theka. Ine mageji ndi kanyali kochenjeza za kutchaja ndimaika 1 mm², nyali ndi hutala 2 mm², wopita ku kiyi ndi chotenthetsera 3 mm² kapena kuposa, ndipo wochokera ku alternator ndimayeza ndi ma amp onse amene ingapereke.

Pa alternator pomwepo pali nkhani ya geji ya ma amp. Pa kalukidwe kakale moto wonse wotchaja umakwera ku dashibodi, kudutsa mu gejiyo, n'kutsikanso ku batire. Geji ya ma amp 30 mukaidutsitsa 60 imatentha kuseri kumene simukuona. N'kwabwino kutenga waya wa alternator molunjika kupita pa bawuti yaikulu ya solenoid, imene ndi switchi ya maginito ya sitata, n'kuika geji ya mavoliti m'malo mwake. Kanyali kochenjeza musakataye: pa ma alternator ambiri ndi kamene kamapereka kamoto koyambitsira kutchaja, ndipo babu la LED nthawi zambiri silikoka mokwanira kuti lichite zimenezi.

Mitundu ya mawaya muitsate, musaluke zonse ndi wofiira chifukwa ndi amene analipo. Pa kachitidwe ka ku Britain, kamene kampani ya Lucas inkatsata, wabulawuni ndi wamoto nthawi zonse wochokera ku batire, woyera ndi wamoto kiyi akatembenuzidwa, wakuda ndi earth, woyera wa mzere wofiira amapita ku solenoid, wofiira ndi wa tinyali ta m'mbali ndi kumbuyo, wabuluu ndi wa nyali zazikulu. Koma pa mathalakitala a ku Germany wabulawuni ndi earth. Munthu wozolowera Deutz akafika pa thalakitala ya ku Britain n'kumangirira wabulawuni ku chitsulo, mukudziwa chimene chichitike. A ku Germany amalembanso manambala pa switchi: 30 ndi batire, 15 ndi moto wa kiyi, 31 ndi earth, 50 ndi sitata, 61 ndi kanyali ka kutchaja. Maswitchi ambiri ogulitsidwa lero ali ndi manambala amenewa.

Za kulumikiza nsonga, amakaniko amatsutsana mpaka kalekale. Ena amati solder (kuwotcherera ndi mtovu), ena amati kumana. Ine ndili mbali ya kumana, bola ndi chomanira chenicheni chimene sichitseguka chisanafinye mokwanira, osati pulayazi. Solder amalowerera m'timkuwa n'kuumitsa wayayo, ndipo pamene kuumako kwathera m'pamene amadzathyokera injini ikamagwedeza. Pamwamba pake ikani kachubu kofota kokhala ndi guluu m'kati kuti madzi asalowe. Mtolo wonse uloweni mu paipi ya pulasitiki ya mawaya, muumangirire pafupipafupi, kutali ndi ekizozi, fani ndi zitsulo zoyenda za chiwongolero. Paliponse pamene ukudutsa chibowo cha chitsulo pakhale labala. Phunziro limenelo ndinalilipira kale.

Ngati simukudzidalira, makaniko wa zamagetsi akhoza kukulukirani. Mupempheni akusiyireni chithunzi cha zimene wachita, ndipo muone waya amene akugwiritsa ntchito asanamukulunge.

Zimene sizili mu hanesi iliyonse

Kaya mwasankha njira iti, pali zinthu zimene zimatsalira kunja, ndipo ndi zimene zimachititsa munthu kudandaula kuti wagula hanesi yatsopano koma sitata ikungoti kete. Mawaya awiri onenepa a batire amawola m'kati ngati ena onse. Pa dizilo ya 12V amafunika a 35 mm² kapena 50 mm², ndipo pa 6V kuyambira 50 mm² kupita m'mwamba. Kuti mudziwe ngati ali bwino, ikani mita yoyezera mavoliti pakati pa mutu wa batire ndi bawuti ya sitata mnzanu akuliza. Ikawerenga kuposa 0.5V, moto ukutayikira panjira. Chitani chimodzimodzi kumbali ya earth. Pamene earth wamangidwa palani penti ndi dzimbiri mpaka chitsulo chiwale. Nyali za pa madigadi zimavuta chifukwa zimadalira mabawuti adzimbiri kuti moto ubwerere, ndiye muzipatse waya wakewake wa earth.

Ikani fyuzi yaikulu pafupi kwambiri ndi pamene hanesi ikutengera moto, pa solenoid kapena pa batire, kenako tina ting'onoting'ono pa nyali, hutala ndi mageji. Fyuzi imateteza waya, choncho ikhale yochepera zimene wayayo anganyamule: wa 1 mm² wa khungu lopyapyala, fyuzi ya ma amp 10. Waya wonenepa wa sitata yekha ndiye sadutsa pa fyuzi.

Switchi yoletsa kuliza injini ili m'giya muibwezeretse, ngakhale munaipeza itadumphidwa ndi kawaya. Pa Massey Ferguson 35 ndi 135 imayendera kandodo kakafupi ka giya yaikulu ndi yaing'ono. Anthu aphedwa ndi mathalakitala awo omwe poliza ataimirira pansi kutsogolo kwa tayala lakumbuyo, thalakitala ili m'giya.

Ngati mwasiya dayinamo, imafuna kuidzutsa maginito ake kuti agwirizane ndi mbali ya earth musanalize injini. Pa ya Lucas mumachotsa waya wa pa cholumikizira cholembedwa F n'kukhudzitsa pa F pamenepo, kamphindi kochepa chabe, waya wochokera ku mutu wamoto wa batire. Pa ya Delco yakale mumakhudzitsa zolumikizira zolembedwa BAT ndi GEN pa regulator. Musasokoneze njira ziwirizi, ndipo pa alternator musayese n'komwe.

Polumikiza batire koyamba, kiyi ali wozimitsa, musamange waya wa earth nthawi yomweyo. Ikani babu laling'ono la 12V pakati pa wayayo ndi mutu wa batire. Likayaka, penapake pali shoti kapena chinthu chimene chikukoka moto, ndipo babulo lakuuzani popanda utsi. Likakhala lozima, mangani, yesani nyali ndi hutala chimodzichimodzi, kenako lizani. Batire la 12V lodzaza limawerenga 12.6V injini ili chete, ndipo ikamalira mita iyenera kukwera kufika pakati pa 13.8V ndi 14.4V. Isiyeni ilire mphindi khumi nyali zonse zili zoyaka, mukatero zimitsani, n'kuyendetsa dzanja pa mtolo wonse ndi pa cholumikizira chilichonse. Pamene mwamva kufunda, masulani mumanenso.